Shuga wa Alendo

Panali munthu wina, mwini golosale, amene ankatsegula Lamulungu. Eee, ndaona mwayamba kale kupukusa mitu. Dikirani kaye. Chiyambire m'mawa mwakhala mukukangana pamsonkhano uno. Ena mukuti masitolo a pamsika wathu azitsegula Lamulungu mpaka madzulo, ena mukuti azitseka tsiku lonse. Ine ndinangokhala phee, poti mano anga ndi ochepa ndipo ndimapsa mtima msanga. Koma poti mwandiloza nokha kuti ndinenepo, mundimvere mpaka ndimalize. Wondidula ndimutchula dzina.

Munthuyo anali a Tsilizani. Sanali mbadwa ya pamalopo. Anachokera kutali, kuseri kwa mapiri, nadzakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wawo, Nangondo. Anamanga nyumba pamalo a kuchikazi, ndipo m'mbali mwa msewu anamanga kagolosale ka chitseko chimodzi ndi zenera lotchinga ndi waya. Ankagulitsa sopo, mchere, machesi, shuga, mabanzi ndi mafuta ophikira oyeza ndi kabotolo. Mwana sanakhale naye. Anakhala pamenepo zaka makumi atatu, koma mukudziwa nokha kuti mkamwini amamera imvi akadali mlendo.

Nangondo ali moyo, golosale inkatsekedwa Loweruka madzulo n'kudzatsegulidwa Lolemba. Palibe amene anawalamula. Lamulungu kunyumba kwawo kunkadzaza anthu. Akaweruka ku tchalitchi, amayi a kumpingo ankapatukira pomwepo, achimwene ake a Nangondo, asuweni, ngakhale ongodutsa. Nangondo anali ndi chitini cha buluu chosungiramo shuga, chimene masiku wamba sichinkatsika pamwamba pa kabati. Mwamuna wake akachiyang'ana, iye ankati, “Ayi bambo, uyu ndi wa alendo.” A Tsilizani ankakhala pakhonde, osalankhula zambiri, kumangoseka nawo nthabwala za eni mudzi. Iwo ankayesa kuti anthuwo amadzaona onse awiri. Kalanga ine! Anthuwo ankadzaona Nangondo.

Nangondo anadwala miyezi iwiri, namwalira nyengo yokolola. Maliro anali aakulu. Patapita nthawi akuchikazi anakhala pansi nawasudzula a Tsilizani monga mwa mwambo, ndiko kuwauza kuti ukwati watha, ali omasuka kubwerera kwawo. Sanawathamangitse ayi, tisawanamizire. Anati, “Mukafuna kukhala khalani, nyumbayi munamanga nokha.” A Tsilizani anakhala. Kwawo kuja makolo anatha kalekale, otsala anali ana a abale awo amene sankawadziwa n'komwe nkhope. Komanso manda a Nangondo anali konkuno.

Lamulungu loyamba anthu anabwera ndithu. Sabata yotsatira anabwera atatu. Kenako zii. Palibe amene anapangana zoipa. Akuchikazi ankati, “Tinawasudzula, tizikapitako ngati ndani?” Amayi a kumpingo ankati, “Nyumba ya mwamuna wamasiye, tikalowemo kuti anthu atinene?” Abambo ankati, “Timawaona tsiku ndi tsiku pagolosale, ali bwinobwino.” Aliyense anali ndi chifukwa chomveka. Ine zifukwa zomveka ndimadana nazo.

Lamulungu lina a Tsilizani anabwera kuchokera ku tchalitchi, anavula jekete, nakhala pampando. M'nyumba munali zii, moti ankamva malata akuthetheka ndi dzuwa. Anakhala, anakhala, mpaka anazindikira kuti akulankhula ndi nkhuku imene inalowa kudzatola nyenyeswa. Anadzuka, anatenga kiyi, napita kukatsegula golosale.

Malonda ake anali otani? Machesi, banzi limodzi, basi. Koma wogula machesi amayamba wanena kuti, “Mwaswera bwanji, a Tsilizani?” Wodikira minibasi amakhala pabenchi n'kumadandaula za mvula. Wina amangoima kuti afunse nthawi. Chimene ankatsegulira ndi chimenecho, mawu a munthu. Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse ikakwana wanu koloko chitseko chinkatseguka mpaka dzuwa litapendeka.

Tsono mumpingomo munali mkulu wina. Munthu wa tayi ngakhale kutenthe bwanji. Malamulo onse a mpingo ankawadziwa pamtima, ndipo akayamba kupemphera ana ankagona n'kudzuka iye asanafike pa “Ameni.” Ameneyo ataona chitseko chotsegula anati mtima wamuwawa. Bodza! Unamukoma, poti anapeza nkhani yoimirira nayo. Pamsonkhano wa akulu anakonza kukhosi nati, “Abale, dyera lalowa pakati pathu. Munthu mkazi wake sanathe chaka m'manda, iye ali kalikiliki ndi malonda pa tsiku la Ambuye. Masiku asanu ndi limodzi samukwanira? Tsiku limeneli ndi lopuma, loti anthu aziyenderana, azizonda odwala, azicheza ndi abale.”

Mawu abwino zedi. Ndani akanawatsutsa? Onse anavomera. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti, “Nanga iwowo amawayendera ndani?”

Anatuma mkulu yemweyo kuti akanene. Anapita Lachisanu, naima pazenera la waya ngati wogula, osalowa.

“A Tsilizani, andituma akulu. Akuti Lamulungu muzitseka. Mukukhumudwitsa anthu.”

A Tsilizani anapukuta manja pakansalu. “Ndamva, abambo. Nanga ndikatseka ndizikhala kuti?”

“Kunyumba, ngati anzanu onse. Tsikuli ndi loyenderana.”

“Loyenderana,” anatero a Tsilizani. Nkhope yawo inawala, ndikukuuzani, inawala ngati ya mwana. Iwo anamva ngati alonjezedwa. “Chabwino, abambo. Mudzandipeza ndilipo.”

Mkulu uja anabwerera akudzitama kuti wabweza nkhosa yosochera.

Lamulungu lotsatira pagolosale panali loko. A Tsilizani analawirira kusesa pabwalo, ntchito imene ankagwira Nangondo. Atabwerako ku tchalitchi anatulutsa mipando inayi pakhonde. Anatsuka makapu. Anatsitsa chitini cha buluu chija pamwamba pa kabati, nachidzaza shuga mpaka pakamwa. Anateleka madzi pambaula. Ndiye anakhala pansi, jekete osavula.

Njira yochokera ku tchalitchi inkadutsa kutsogolo kwa nyumba yawo. Anthu ankadutsa m'magulumagulu, mabuku a nyimbo ali m'manja. Ankakweza dzanja n'kukuwa, “Mwaswera, a Tsilizani! Mwachita bwino kutseka!” Iwo ankanyamuka pang'ono pampando n'kunena kuti, “Fikani!” Anthu ankayankha, “Tifika, tifika!” Mukumudziwa “tifika” wa kwathu kuno, alibe tsiku. Madzi anawira, anaphwera, anathiramo ena. Makala atasanduka phulusa, analowetsa mipando ija umodziumodzi.

Ndamva wina kumbuyoko akung'ung'udza kuti bwanji osapita iwowo kukayendera anthu. Ndakumva, mwanawe, makutu okha ndiye sanakalambe. Anapita. Lamulungu lachiwiri lake anavala nsapato napita kwa mlamu wawo wamkulu. Anapeza pabwalo pali phwete, anthu akuseka. Atangoti “Odi,” kuseka konse kunazima. Ana anawathamangitsira kuseri, a Tsilizani anawaikira mpando waulemu pawokha, ndipo mlamuyo anakhala pansi nafunsa, “Kaya kwagwanji, alamu?” Zaka makumi atatu zonsezo a Tsilizani ankapita kumeneko pokhapokha pali nkhani, kapena atatsatana ndi Nangondo. Munthu ungayankhe bwanji kuti, “Sikunagwe kanthu, kwangondikulira kukhala ndekha”? Anati amangodutsa. Atafika pamsewu anamva kuseka kuja kwayambiranso.

Sanapitenso kwa munthu. Lamulungu linalo anatulutsa mipando iwiri yokha. M'kati mwa sabata anthu akabwera kudzagula, a Tsilizani ankachedwa dala, kufunafuna sopo amene ali pamaso pawo pomwepo, kuti munthuyo aimeko pang'ono. Anthu ankati nkhalamba yayamba kuiwala. Zimandipweteka, abale. Ndikaganiza za mipando iwiri ija mtima umandiwawa mpaka lero.

Patatha mwezi, Lamulungu lina masana, kunamveka “Odi!” Osati wa pamsewu ayi, wa pabwalo penipeni. A Tsilizani anadzambatuka, mpando n'kugwa. Anali mkulu wa tayi uja.

“Odini, odini, abambo! Fikani! Khalani apa, uwu ndiye wosagwedera.”

Anapukuta mpandowo ndi mkono wa jekete. Anathamangira kumbaula kukakupiza moto. Anatulutsa makapu ali gobedegobede.

Mkulu uja sanakhale. Anaima chiimire, nayang'ana kumsewu uku ndi uku kuti mwina wina akumuona. Kenako anatsitsa mawu.

“Ayi, musavutike, sindikhalitsa. Kunyumba kwandidzera alendo, alamu anga ndi ana awo, nyumba yachita kudzaza. Ndiye mayi akunyumba apeza kuti shuga watha. Tatengani kiyi tidzere chakuseri, mundigulitseko paketi imodzi. Palibe aone.”

A Tsilizani anaima, chokupizira moto chili m'manja. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Analowa m'nyumba, natuluka ndi chitini cha buluu chija atachigwira ndi manja awiri.

“Golosale ndi yotseka, abambo. Munanena nokha, ine ndinamvera. Koma uyu si wamalonda. Uyu ndi wa alendo, Nangondo ankatero. Tengani, poti alendo ali kwanu.”

Mkulu uja anayamba kupisa dzanja m'thumba.

“Ayi, abambo. Wa alendo sagulitsa.”

“Ndiye chitinichi ndibweza mawa.”

“Chikhale komweko. Kuno chilibe ntchito.”

Mukuganiza kuti anachita manyazi n'kukhala pansi? Akanakhala! Mpando unali pomwepo, wopukuta kale, madzi akuwira. Kapu imodzi yokha ikanakwanira. Koma mutu wake unali pa alendo ake. Anati, “Zikomo kwambiri, Ambuye akudalitseni,” anabisa chitini m'jekete, nauyamba ulendo. Chitsiru cha munthu! Atafika pamsewu anacheuka, nawaona a Tsilizani akukhuthulira madzi owira aja pamakala. Anaona ndi maso ake, koma sanabwerere.

Lolemba golosale sinatsegulidwe. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu anthu anapita kunyumba kuja, napeza chitseko chongotsekera, kiyi ali patebulo, mipando inayi itasanjidwa bwinobwino. Amene anawaona komaliza ndi mayi wogulitsa zitumbuwa pasiteji. Anati a Tsilizani anatulukira Lolemba m'mawa kuchokera cha kumanda, mathalauza atanyowa ndi mame, chikwama chimodzi m'manja. Kumanda munthu salowa yekha, ndiye ayenera kuti anangoima m'mphepete n'kutsanzika. Anakwera galimoto ya matola yopita kumapiri. Anaona kuti bola kukhala mlendo kwa anthu osakudziwa kusiyana ndi kukhala mlendo kwa anthu amene wawagulitsa mchere zaka makumi atatu.

Mkulu uja, manyazi atamupeza mochedwa, anafuna kuwalondola kuti akabweze chitini. Anafunsa akuchikazi dzina la mudzi wa a Tsilizani. Amene anayendetsa za ukwatiwo anali atamwalira kale, otsalawo anangoyang'anana. Anafunsa akulu anzake, anafunsa pamsika ponse. Aliyense ankangoloza ndi mlomo, “Kumapiri uko.” Zaka makumi atatu, palibe anafunsapo.

Golosale ija inatseka ndithu. Lamulungu, Lolemba, masiku onse asanu ndi awiri. Akulu anapambana.

Mukundiyang'ana pakhosi, pa tayi? Yang'anani, musachite kuba maso. Chitini cha buluu chija chili kwanga, pamwamba pa kabati, zaka khumi ndi zinayi tsopano. Tsiku limenelo tiyi wa shuga ameneyo ndinamwa makapu awiri kwanga.

Ndiye kwezani manja mmene mukufunira, otsegula ndi otseka, ine langa silikwera. Koma iwe amene ukufuna kuika loko pachitseko cha mnzako chifukwa tsikuli ndi loyenderana, yamba wadziwa chimene chimamutulutsa m'nyumba mwake. Ukamutsekera golosale, ndiwe amene uyenera kukakhala pakhonde pake. Lamulungu likudzali, mukamachokera ku tchalitchi, wina adzanyamuka pang'ono pampando n'kukuuzani kuti, “Fikani.” Musadzati, “Tifika.” Mudzapatuke, mudzakhale pansi, mudzamwe tiyi wakeyo ngakhale atakhala wopanda shuga.