Khasu la Bwana Kachingwe

Boma litatumiza achinyamata omaliza kukoleji kukaphunzira ntchito m'maofesi ake, Tisungane anagwera ku ofesi ya zaulimi, m'manja mwa bwana Kachingwe.

"Loweruka ukapalire munda wanga," anatero bwanayo. "Ukakana, kalata yokuyamikira uiwale."

"Chabwino bwana. Mudzabwere mudzandione ndikugwira."

Tisungane anazungulira midzi itatu akulengeza kuti mkulu wa zaulimi adzaonetsa yekha kapaliridwe kamakono. Loweruka bwana anatsika galimoto atavala suti, n'kupeza alimi adzaza munda, amayi akululutira.

Tisungane anagwada, n'kupereka khasu ndi manja awiri. "Anthu anu akudikira, bwana."

Bwanayo anayang'ana khamulo, n'kuvula jekete. Pofika mzere wachitatu, thukuta linali kamukamu.

Tisungane anafuula ali pamthunzi: "Onetsetsani alimi, katswiri sapumira panjira! Yatsala mizere makumi anayi!"