Mawaya Omangidwa ndi Malegeni

Pakhomo pa Mateus ndi Ezelina ku Nyimba, galimoto inkagona pansi pa zenera la kuchipinda ngati mwana wachiwiri. Inali imodzi mwa zija zinadzaza msewu waukulu boma litatsegula malonda, zochokera ku Japan zitatopa kale. Mateus ankanyamula nayo anthu pakati pa Nyimba ndi Kacholola. Injini inali bwino, koma muvi wosonyeza liwiro unafa, unangogona pa ziro. Apolisi a pamsewu anali atamuimitsa kawiri chifukwa chothamanga, mwini wake osadziwa n'komwe kuti akuthamanga bwanji.

Tsiku lina mnzake anamubweretsera kabokosi kuchokera ku Lusaka, kochepa ngati sopo wosambira. Kankaonetsa manambala ofiira: pamwamba liwiro la galimoto, pansi kazunguliridwe ka injini. Kanali ndi mawaya anayi, ndipo awiri mwa iwo ankayenera kulumikizidwa ku kompyuta ya injini, bokosi lachitsulo lobisika kumapazi a wokwera kutsogolo.

Ezelina anali pakhonde akuyamwitsa mwana wawo Julio, maso ali pa mwamuna wake. Ndi mmene analili mayiyu: ankaona zonse, mtima uli m'mwamba, koma pakamwa pali polemera. Masiku amenewo nkhawa yake inali ndi mutu. Patatha zaka zitatu akulemba makalata, anali ataitanidwa ku Petauke kukafunsidwa mafunso olowera maphunziro a unamwino. Kalatayo inanena Lachinayi, naini koloko, ndipo wochedwa sadzalowa. Galimoto imene inkang'ambidwa pamaso pakeyo ndi imene inkayenera kumufikitsa kumeneko.

Ezelina anatola pepala limene linagwa m'katoni ya kabokosiko n'kuliwerenga, pakuti Chingelezi cha ku sekondale anali nachobe.

"Atate a Julio, apa alemba kuti muyambe mwachotsa batile. Akutinso mtundu wa waya usakunamizeni, motoka iliyonse ili ndi mapu ake."

"Amake Julio, pepala linayendetsapo motoka? Wobiliwila apita kwa wobiliwila mnzake, basi."

"Nanga osapita kwa a Consolata? Paja ali ndi koyezela magetsi."

Consolata anali mayi wokonza magetsi a magalimoto kuseri kwa msika. Atangotsegula malo ake, Mateus anamuseka pa siteshoni pamaso pa madalaivala anzake, amvekere waya wogwidwa ndi mkazi angayatse chitofu chokha. Tsopano akanalowa bwanji pakhomo pake, chipewa chili m'manja?

"Ine ndikafunse kwa Consolata? Anyamata pa steshoni angandiseke mpaka Khisimisi."

Anasenda mawaya a kompyuta ija ndi lezala. Woyamba sanayankhe, wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu manambala n'kudzuka. Anapotokola, n'kusiya awiri osendedwa aja ali maliseche pambali. Tepi ya magetsi inali itatha m'nyumba, choncho anadula malegeni, mphira za chubu chakale cha njinga. Ku Nyimba malegeni amamanga chilichonse: mkoko wa nthochi pa kaliya ya njinga, thumba la makala, mpini wong'aluka. Anakulunga mawaya onse pamodzi zolimba ngati mtolo wa nzimbe, n'kuliza injini. Manambala anayaka psuu.

"Mwaona? Ndege yeniyeni iyi!" anatero akupukuta manja pa buluku.

Ezelina anamwetulira kuti amusangalatse, koma mtima sunakhale pansi.

Lamulungu, pobwera ku tchalitchi, mphuno ya Ezelina inagwira kafungo ka mphira yopsa kakukwera kuchokera kumapazi. Atagunda dzenje, manambala anaphethira ndipo injini inatsokomola kamodzi. Anamuuza mwamuna wake. Mateus anati ndi mafuta akuda a m'zigubu, zitha zokha. Lachiwiri zinachitikanso, ndipo ulendo uno Ezelina anangomukumbatira mwana zolimba.

Lachitatu masana, akusita bulauzi yoyera, analimba mtima.

"Ndinaganiza kuti mailo, Lachinayi, ndingokwela minibasi yoyamba. Inu musataye makasitomala chifukwa cha ine."

Mateus anaika kapu ya madzi pansi pang'onopang'ono. Nkhope yake sinali yaukali, inali ya munthu wolasidwa.

"Mkazi wa dalaivala akwele minibasi, motoka ili pakhomo? Makondakitala adzati chiyani? Adzati Mateus ngakhale mkazi wake samukhulupilila. Kapena ndi zoona, simundikhulupilila?"

Ezelina anadziona akudutsa pa siteshoni m'mawa, anzake a mwamuna wake akukodolana. Manyazi anamugwira ngati kuti wolakwa ndi iye.

"Iyayi, tipitila limodzi," anatero, maso ali pa simbi.

Ananyamuka seveni koloko, Julio atamusiya kwa Mildred, mlamu wa Ezelina. Mateus ankaimba kamluzu, akuloza manambala ndi chala. Atadutsa theka la njira dzuwa linali litakwera, pansi pa galimoto pakutentha. Kafungo kaja kanabwera, tsopano kali ndi mano. Manambala analumpha kuchoka pa eyite kufika mazana awiri, n'kugwera pa ziro, n'kuzima. Kautsi kopyapyala kanatuluka pakati pa mapazi a Ezelina. Injini inangoti zii, galimoto n'kuyenda yokha mpaka kuima m'mbali mwa munda wa thonje.

Mateus anapotokola kiyi. Injini inazungulira koma osagwira. Anatsegula boneti, anagwedeza batire, anamenya apa ndi apo. Ezelina anaima pa phula atanyamula envulopu ya masatifiketi, akukupiza dzanja. Minibasi yoyamba inadutsa yodzaza mpaka pakhomo. Yachiwiri kondakitala anangotambasula manja. Naini koloko inamupeza ali pomwepo, akuyang'ana wotchi ngati ingamumvere chisoni.

Lole ya chimanga ndiyo inamunyamula. Anafika ku Petauke dzuwa lili pamutu, bulauzi itada ndi fumbi, mkaka utadontha n'kujambula mawanga awiri pachifuwa. Atsikana anzake anali akutuluka, ena akuseka, ena akupemphera. Mlembi wa pakhomo anayang'ana pa mndandanda.

"Amai, dzina lanu tinaitana katatu. Ofunsa mafunso anyamuka kale. Mudzalembenso akadzalengeza."

"Liti, bambo?"

"Zimenezo adziwa ndi Mulungu."

Ezelina anakhala pa benchi kanthawi, envulopu ili pamwendo. Sanalire. Ankangomva mawu ake omwe, aja a pa simbi.

Pobwerera masana, anatsika pa msika wa Nyimba n'kupeza galimoto itakokedwa kale, ili kuseri kwa msika, pakhomo pomwe Mateus analumbira kuti sadzapondapo. Consolata anali atatsegula bokosi la kompyuta. Mkati munali bala lakuda ngati pogwera khala la moto.

"A Mateus, malegeni ndi a nthochi, si a magetsi," anatero mofatsa. "Akatentha amafewa. Waya wamoto wakhudza waya wa uthenga, kompyuta yapsa. Ina tiitanitse ku Lusaka. Mukanabwela poyamba, ndikanakuyezelani, mphindi khumi chabe."

Madalaivala awiri anali ataima chapatali, ndipo palibe ankaseka. Mateus ataona mkazi wake anafunsa ndi maso okha. Ezelina anapukusa mutu.

Anayenda wapansi kukatenga mwana, wina patsogolo wina pambuyo. Atafika pa mlatho, Mateus anaima.

"Amake Julio, ndakulakwilani."

"Talakwa tonse," anatero Ezelina. "Inu munaopa anyamata a pa steshoni. Ine fungo ndinalimva, minibasi ndinaidziwa nthawi yake, koma ndinaopa nkhope yanu. Zaka zitatu, atate a Julio. Ndazisiya pa msewu chifukwa chosafuna kuti muchite manyazi."

Anthu amene onse awiri ankawaopa anali atabwerera kale ku ntchito zawo, akuitanira okwera a ku Kacholola.

Kufunsa kukanatenga mphindi khumi, kukana kukanatenga mawu amodzi, koma mwamuna anauma khosi ndipo mkazi anameza mawu. Akuluakulu sananame: mbewa ya manyazi inafera ku una.