Foni Imene Sinalire

Takhalani pansi, inu! Iwe wa thumba lofiira, chigayo sichithawa, mzere udakali wautali. Tsekani pakamwa. Tamanda, tenga cholembera ulembe monga ndikunenera, usandikonzere mawu ngati tsiku lija. Sindinapondemo m'kalasi ine, koma nkhani iyi aphunzitsi ako sangaimasule.

Kalekale... Aa, mwamwalira kodi? Ndati kalekale! Eya, tili tonse choncho.

Kalekale, koma mafoni atabwera kale, kunali mudzi wina m'mphepete mwa mtsinje woipa mtima. Mtsinje umenewo unkadzaza dzuwa likuswa mtengo, poti mvula inkagwa kumapiri kutali, madzi n'kufika osaodira.

M'mudzimo munali a Kamtedza, mkamwini. Anabwera kudzakwatira a Nangondo ali mnyamata, nakhala zaka makumi anayi. Munthu ameneyu mtsinje ankaudziwa. Akaona nyerere zikukwera mumtengo zitasenza mazira, akamva fungo la katondo m'madzi, achule akangoti zii, iwo n'kufuula kuti "Thawani!" anthu ankataya makasu. Koma a Nangondo anamwalira, a Kamtedza maso anafa, miyendo nayo inayamba kukana. Mwa mwambo akanabwerera kwawo, paja mkamwini mkazi akafa ndi mlendo. Ana awo atatu, Dziwani, Sungeni ndi Lonjezo, anakaniza. A Kamtedza anangokhala m'kanyumba kawo kumunsi kwa mudzi, kafoni kamabatani kali lende pakhosi.

Chaka chimenecho madzi anakokolola nkhokwe ndi mbuzi, wochenjeza panalibe. Ana aja anakhala upo. Anati tipange mtumiki wa m'kompyuta, amene ana asukulu mumati ejenti. Si munthu, alibe miyendo, koma amamvetsera, amaganiza, n'kuimbira anthu foni yekha osadikira kutumidwa.

Woyamba Dziwani, mkulu wawo, amene ankakonza makompyuta mumzinda. Anati mtumiki samangidwa m'malere, amafuna nsanja yomangirapo, ndipo nsanjazo zilipo zamitundu iwiri. Ina inali ya kampani. Kunabwera bambo wa taye, nsapato zili phuliphuli.

"Tipatseni ntchitoyi," anatero. "Tituma anyamata athu khomo ndi khomo, alembe aliyense wopuma. Inu osakhudza kanthu."

"Nanga m'kati mwake tingaonemo?" anafunsa Dziwani.

"Ayi, kiyi amakhala kwathu."

"Amayankhula Chichewa?"

"Chikubwera."

"Nanga nzeru za bambo anga zikalowamo, zikhala za yani?"

Bambo uja anangoseka n'kukonza taye.

Dziwani anasankha nsanja inayo, yosatseka. Dzina lake lachizungu lilime langa limakana. Imeneyo anaimanga anthu ambirimbiri a m'mayiko osadziwana, n'kuisiya poyera ngati chitsime cha panjira. Aliyense atunge, aliyense asuzumiremo, aliyense akonze. Palibe angabwere mawa kudzakhoma loko. Koma palibenso angabwere kudzaona ngati mwamanga bwino. Lonjezo anafunsa kuti, "Achimwene, chikalakwa tikadandaula kwa yani?" Dziwani anati, "Kwa ife tomwe. Ndiye ufuluwo." Anamanga miyezi itatu, mtumiki n'kuima.

Wachiwiri Sungeni, mwana wamkazi. Mtumiki anaima, inde, koma mutu uli gwa ngati dzungu losapsa. Sungeni anakhala pakhonde ndi bambo ake chilimwe chonse, mwana kumsana, akufunsa, akujambula mawu. Thovu likakhala lotani, ababa? Mapesi akayandama angati? Zonse ankamwetsa mtumiki uja. Atamuyesa koyamba, anaimbira anthu ndi mawu osalala ngati a pawailesi. Anthu anadula foni, ati ndi akuba aja onamiza kuti wawina. Sungeni anati, "Anthu a kuno samvera mlendo." Ndiye poti nsanja inali yosatseka, anasolola mawu osalala aja n'kuikamo mawu a bambo ake enieni, ndi katsokomola kawo komwe. A Kamtedza atadzimva, anaseka mpaka misozi.

"Ndiye kuti ndikhala m'thumba la aliyense?"

"Eya, ababa."

"Ndi akazi a eni omwe? Mundiphetsa inu."

Wachitatu Lonjezo, wa kabaza, bambo wa ana awiri. Uyu ndiye anatulutsa mtumiki m'nyumba kumuika pantchito. Ananyamula kompyuta panjinga mpaka kusukulu ya pachitunda, nakhoma sola padenga ndi manja ake. Anapalasa mpaka kumlatho wa kumtunda, namangirira kachipangizo koyeza madzi, chingwe chili m'chiuno, ng'ona zikumuyang'ana. Kenako manambala a foni. Anapita kwa mlembi wa mudzi, nabwereka kaundula, nayenda nyumba iliyonse yolembedwa m'menemo. Sanadumphe ngakhale imodzi. Koma kaundula wa mudzi amalemba eni mudzi, mbumba, nyumba iliyonse pa dzina la mkazi. Pa dzina la a Nangondo panali mzere wofufuta, poti anamwalira. A Kamtedza, zaka makumi anayi zonse zija, m'bukumo munalibe. Lonjezo anatseka buku, ati ndamaliza.

Madzi saiwala khwawa. Mu Febuluwale, tsiku Lachinayi, dzuwa lili paliwombo, kumwamba kuli mbee, anthu ali kumadimba. Dziwani anali mumzinda, Lonjezo ali ndi kasitomala kumsika, Sungeni ali kudimba kutsidya. Kachipangizo ka pamlatho kanaona madzi akukwera. Mtumiki anafunsa anthu a kumtunda kuti madzi akuoneka bwanji, iwo anati ofiira, a thovu, mapesi ali mbwee. Anaphatikiza ndi zomwe anamwetsedwa zija, n'kuimba. Mafoni onse nthawi imodzi!

"Ndine Kamtedza. Tayani makasu. Tengani ana. Kusukulu, tsopano lino!"

Ha! Munthu sanafunse. Amayi anabereka ana awiriawiri, nkhalamba kuzikweza pangolo. Njira ya kusukulu inkadutsa pakhomo penipeni pa a Kamtedza. Anadutsapo anthu oposa zana. Chitseko chinali chotseka, mkuluyo atagona tulo ta masana. Mayi wina anaima, ati tigogode. Mwamuna wake anamukoka dzanja.

"Ugogodera yani? Sunawamve pafoni? Ali kale kusukulu, ndi komwe akuimbira!"

Sungeni yekha ndiye ankadziwa kuti mawuwo ndi ojambula. Koma anali kutsidya, mwana kumsana, ndipo mumtima anati foni ya ababa yalira ngati yangayi, anansi awatenga. Anawolokera pamlatho wa mitengo n'kulunjika kuchitunda.

Madzi anafika. Anthu onse anali pasukulu, osasowa ndi khanda lomwe. Amayi anayamba nthungululu, akuti tiwanyamule m'mwamba a Kamtedza, ali kuti? Anatsegula chipinda cha kompyuta. Munalibe munthu. Kabokosi kokha kali phethiphethi.

Anawapeza Loweruka, m'bango, kafoni kali pakhosi. Atakaumitsa n'kukayatsa, munalibe ndi kuitana kumodzi komwe.

Usalire iwe, ulembe. Sindinathe.

Ataika maliro, munthu wina wa ng'ombe, amene ana ake asanu ndi awiri anapulumuka, anabwera akukoka ng'ombe yaikazi ya bere. Anaimangirira pamtengo wa mango. Anati, "Ng'ombe ya bere siphedwa, sigawidwa. Ndikupereka kwa mwini wa mtumiki uja." Mukudziwa mtima wa munthu. Misozi isanaume, ana aja anayamba kukokana.

Dziwani anati, "Ndikanasankha za kampani, bwenzi chinthuchi chikuyankhula Chingerezi, mudzi wonse uli m'bango."

Sungeni anati, "Achimwene, chidole chanucho anthu ankachidulira foni. Anathawa chifukwa cha mawu amene ndinaikamo ine."

Lonjezo anati, "Ndi inu awiri nokha chikanafera m'chipinda. Amene analendewera pamlatho ndani? Achemwali, munalipo?"

Anakangana mpaka tsiku lometa. Tsiku limenelo kunafika mlongo wawo wa malemu, mayi Elube, kuchokera kwawo kwa a Kamtedza, poti nthawi ya maliro misewu inali itaduka. Mayi wamfupi, wosakweza mawu. Anakhala pamphasa, namva zonse, nayang'ana ng'ombe ija nthawi yaitali.

"Ndamva kuti chinthuchi chili ndi eni atatu," anatero. "Chabwino. Ine ndabwera ndi funso la kwathu. Tinakupatsani munthu wamoyo. Anakudyetsani, anakulondererani mtsinje zaka makumi anayi. Mwamutenga mawu, mwamusiya thupi. Mwini wake wa chinthuchi aimirire, amasule ng'ombe yake, kenako anditsatire kwathu akafotokoze pamaso pa abale kuti mlongo wanga anafa bwanji."



Dziwani anayang'ana pansi. "Azakhali, nsanja imeneyi ilibe mwini. Ndi ya aliyense."

"Dzulo inali yako," anatero mayi Elube. "Ndipo ndamva kuti panali anthu ofuna kulemba aliyense wopuma, iwe n'kuwabweza."

Sungeni anati, "Ine ndinangofuna kuti anthu amvere."

"Anamvera, mwanawe. Anamvera mpaka kudutsa pakhomo."

Lonjezo anati, "Ine ndinatsata kaundula. Sindinalembe ndine bukulo."

"Unafunika buku kuti likuuze kuti uli ndi bambo?"

Palibe anaimirira. Ng'ombe inakhala pamtengo paja, ikulira, chingwe chikuipweteka khosi. Anthu a m'mudzi, omwe aja anadutsa pakhomo osagogoda, anayamba kuzemba mmodzimmodzi, wina ati mwana wadwala, wina ati mbuzi zalowa m'munda. Ndipo mtumiki uja sanamuzimitse, angayerekeze ndani? Mvula ikagwa kumapiri amaimbabe, ndi mawu omwewo, ndi katsokomola komweko, ana atatu aja n'kumayankha foni. Tsiku lachitatu chifikireni, mayi Elube anamanga mpango wawo, n'kunena kuti...

Ndani akundiitana? Thumba langa lafika? Ndamva, ndikubwera! Iwe wa pachigayo, mgaiwa umenewo, usandikonolere, ndipo usasakanize ndi cha uyo, chake n'chofumbwa!

Ndigwire dzanja, Tamanda, ndidzuke. Inu otsala musangondiyang'ana kukamwa ngati ana a mbalame. Wina anasankha nsanja yopanda loko, wina anaipatsa mawu, wina anaiika pantchito. Popanda mmodzi wa iwo mudzi ukanatha, ndipo popanda mmodzi wa iwo mkulu uja bwenzi wina atamugogodera. Tandiuzani inuyo, anzeru a m'kalasi: mwa atatuwa, ndani aimirire, amasule ng'ombe, n'kutsatira mayi Elube?