Kompyuta Ilibe Mbale

Pa kampani ina yopanga mipando ku Limbe, manijala wake, a Mpinganjira, anagula kompyuta yoganiza ngati munthu. Tsiku lomwelo anaitana Tawina, mlembi amene anawakana chibwenzi.

"Lachisanu kompyutayi itchula wojomba kwambiri, ndipo ameneyo ntchito yatha," anatero. "Uyipatse makalata ako opempha tchuthi. Suja unatha masabata awiri ukudwazika mayi ako?"

Tawina anaweramitsa mutu. "Bwana, ndikayipatsa makalata anga okha, anthu ati mwandikonzera chiwembu. Bwanji ndiyipatse makalata onse a m'kabati, iyankhule pamaso pa eni kampani? Nawonso aone nzeru zanu."

A Mpinganjira, pomva za nzeru zawo, anavomera msangamsanga. Anaiwala kuti makalata awo amasungidwa m'kabati momwemo.

Lachisanu antchito anasonkhana, ndipo mwini kampani, Mayi Chisale, anakhala kutsogolo. A Mpinganjira anakonza tayi.

"Makinawa alibe mbale, sadya za munthu. Chimene anene, palibe apilo."

Anadina batani okha.

"Wojomba kwambiri ndi a Mpinganjira, masiku makumi anayi," inatero kompyuta. "Agogo awo aakazi amwalira kasanu chaka chino, kasanu konse Lachisanu."

A Mpinganjira anayamba kufufuza chingwe cha magetsi pansi pa tebulo.

"Chisiyeni chingwecho, bambo, paja mwati palibe apilo," anatero Mayi Chisale. "Siyani makiyi kwa Tawina. Lero ndi Lachisanu, musachedwe kumaliro."