Chikuni cha pa Uvuni ndi Mwezi Wofiira

Panali munthu wina amene ankalima fodya ku esiteti, kutali ndi kwawo. Uthenga wa matenda a amayi ake unamupeza mochedwa. Pofika pamudzi anapeza ataikidwa dzulo lake, dothi la pamanda lisanaume.

Amayiwo anadwala miyezi inayi. Abale ankangoima pakhomo n'kufunsa kuti, "Kwacha bwanji m'nyumbamo?" basi n'kumapita. Amene ankabwera ndi phala, kuwasambitsa ndi kuwachapira nsalu anali mayi wamasiye woumba mbiya, dzina lake Nankhoma, wa kuseri kwa phiri. Sanali m'bale wawo. Anali mnzawo chabe kuyambira pa utsikana.

Inali nyengo yotentha, mvula isanagwe. Anthu ankatentha tchire posaka mbewa, ndipo fumbi linali paliponse. Amalume ake a munthu uja anali atagwetsa kale mitengo ya mango ya malemuwo n'kuyatsira uvuni wa njerwa. Ankati njerwazo n'zomangira chiliza pamanda. Koma zinali zokwana nyumba ya zipinda zitatu.

Madzulo a tsiku lachitatu, dzuwa litangolowa, mwezi unatuluka wathunthu, uli psuu ngati chiwindi cha mbuzi. Azimayi anakokera ana m'nyumba. Pamudzipo anali ndi mwambo wakuti mwezi wofiira ukatuluka pa nthawi ya maliro sauyang'ana kawiri. Amalowa, n'kutseka chitseko mpaka kuche. Choncho panalibe amene anaonapo mathero ake a mwezi wotero.

Amalume aja anamugwira munthu uja paphewa ali pafupi ndi uvuni.

"Mphwanga, waona kumwambako? Magazi amenewo. Mlongo wanga sanafe imfa ya Mulungu ayi."

"Wawapha ndani, amalume?"

"Ukufunsa ine? Kafunse wa kuseri kwa phiri uja, amene ankawamwetsa phala tsiku ndi tsiku. Ife abale mbale yawo sitinaikhudzeko ngakhale kamodzi."

Mtima wa munthu uja unali ukufuna kale woti umugwere, ndipo tsopano unali utamupeza. Anasolola chikuni pakamwa pa uvuni, anazula udzu pampanda, n'kuuyamba ulendo wokatentha nyumba ya Nankhoma. Amalumewo analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Njira yake inali yokwera phiri. Iye anali asanadye zenizeni masiku atatu, ndiye ankayenda mopumira. Atafika pamwamba anakhala pamwala kuti mtima ubwerere m'malo. Pokweza maso anaona mwezi utakwera, uli mbee ngati ufa woyanika pamkeka.

Anapukuta m'maso. Mwezi unali woyerabe.

Anacheuka kuyang'ana kumene anachokera. Mudzi wonse unali utafundidwa utsi ngati bulangete lakuda, ndipo pochindikala kwambiri panali pamwamba pa uvuni wa amalume ake. Mwezi potuluka unadzera m'menemo.

Chikuni chake chinali pafupi kuzima. Anachikulunga ndi udzu uja, n'kuuzira. Udzuwo unayamba kufuka tolotolo. Anachinyamula kuti azipita, ndipo utsi unadutsa pakati pa iye ndi mwezi. Mwezi unafiira. Anatsitsa mkono, mwezi unayera. Anakweza, unafiira. Anatero katatu, ngati mwana amene wapeza choseweretsa, koma sanaseke.

Pamenepo mawu a amalume anabwereranso m'makutu mwake: mbale yawo sitinaikhudzeko ngakhale kamodzi. Ulendo uno anawamva bwino. Miyezi inayi, nyumba zoyandikana, ngakhale kamodzi. Anakumbukanso kuti naye sanaikhudze mbaleyo. Anali kufodya.

Anagwada, anakwirira chikuni chija m'dothi, n'kupondapo mpaka utsi unatha. Kenaka anatsetserekera kuseri kwa phiri chimanjamanja.

Nankhoma anali pakhonde, akulowetsa mbiya zimene anayanika.

"Odi, amayi."

"Ndani? Aa, mwana wa mnzanga! Wafika, mwanawe? Taona kuonda. Akukudyetsa kumeneko, kapena akungowerenga njerwa?"

Mayiyo analowa m'nyumba, n'kutulukamo ndi kathumba komanga ndi luzi.

"Mtedza wambewu uwu. Amayi ako anandisungitsa. Anati, 'Ukausiya kwathu audya pamaliro. Ukam'patse mwana wanga m'manja, adzale mvula ikagwa.' Ndiye landira, ndipumeko ine."

Anaulandira ndi manja awiri, manja omwe aja onunkha utsi. Ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni, analira.

Mvula itagwa anadzala mtedzawo m'munda wa amayi ake, ndipo m'maenje asanu anaikamo nthanga za mango.

Tsono mverani, inu amene mwakhala pamikekapo. Mwezi ulibe magazi. Ukakhala m'munsi, kuwala kwake kumayenda mtunda wautali m'fumbi ndi muutsi wa padziko pano, ndiye kumatifika kutafiira. Ukakwera umayera. Zimenezi sizifuna sukulu yambiri, zimangofuna munthu wosathamangira kutseka chitseko.

Inu munthu akudwala simuoneka, koma akangofa mumadziwa msanga amene wamupha, ndipo chala chanu chimagwera yemwe uja ankasenza phala. Musanaloze kumwamba, yambani mwafunsa kuti utsiwo ukuchokera pa moto wa yani. Ndipo iwe amene uli ndi chisoni, wina akakupatsira chikuni, usathamange nacho. Kwera kaye pamtunda, ukhale pansi, udikire mwezi ukwere. Kuseri kwa phiri kungakhale munthu amene akukusungira mbewu.