Bimu Yosalala ya Rula

Labu ya ophunzira uinjiniya wa zomangamanga inali kuseri kwa makalasi, m'chinyumba chachitali chonunkha simenti. Pakhomo panali milu ya mchenga ndi miyala, mkati munali thanki ya madzi, ndipo pakati penipeni panaima makina aakulu opanikizira konkire. Woyang'anira zonsezi anali bambo wina wa imvi zapatalipatali amene ophunzira onse ankamutchula kuti Amalume.

M'kalasi ya chaka chomaliza munali mnyamata amene anzake anamupatsa dzina loti Rula, chifukwa ngakhale mzere wa pansi pa dzina lake ankaulemba ndi rula. Pa masamu analibe mnzake. Pa kujambula mapulani, pepala lake aphunzitsi ankalipachika pakhoma kuti ena aonerepo. Kuti alandire digiri chaka chimenecho, anatsala ndi phunziro limodzi lokha, la konkire yokhala ndi zitsulo mkati.

Lamulo la phunziroli linali losavuta kumva. Wophunzira aliyense awerengere yekha bimu, ndiye kuti mtanda wa konkire umene umanyamula denga kapena mlatho. Aiumbe ndi manja ake, aisiye m'madzi masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu kuti ikhwime, kenako aiike pa makina. Ikanyamula kulemera kumene mwini wake analonjeza papepala, wakhoza. Ikathyoka msanga, abwereze chaka.

Tsiku loumba, Rula anamanga zitsulo zake mwaluso, mpata uliwonse n'kuuyeza katatu. Atathira konkire m'chikombole cha matabwa, Amalume anamubweretsera makina ogwedezera, chitsulo chonjenjemera chimene amachimiza m'konkire yaiwisi kuti mpweya utuluke.

"Zimenezo ayi, Amalume," anatero Rula. "Zindisunthira zitsulo zanga."

"Mphwanga, konkire ili ngati anthu m'basi," anayankha Amalume. "Galimoto ikapanda kugwedezeka, aliyense amakhala motambalala, pakati n'kutsala mipata. Gwedeza kuti miyala ithinane."

"Ndawerengera zonse. Masamu sanama."

"Sanama inde, koma salowa m'chikombole."

Rula anaseka, nangomenyamenya matabwa aja ndi chikhatho, n'kusalaza pamwamba. Pafupi naye panali mtsikana wa m'kalasi mwake amene ankamutcha Fumbi, popeza tsitsi lake silinkasowa simenti. Iyeyu anagwedeza konkire yake mpaka mikono kuchita dzanzi, matope akumuthovukira kumaso.

Patapita masiku awiri anachotsa matabwa. Bimu ya Fumbi inatuluka ndi zipsera za matabwa, ngodya imodzi itabenthuka.

"Imeneyi waumba ndi mapazi kapena?" anafunsa Rula.

Koma atatembenuza yake, nthabwala zinamuthera pakamwa. Kunsi kwake kunali mabowo ngati chisa cha njuchi, ndipo pena chitsulo chinkachita kuonekera.

"Iwe Rula, umba ina," anatero Fumbi motsitsa mawu. "Kwatsala masiku makumi atatu ndi awiri kuti tiyese. Ukathira mawa, ikhwima nthawi ikadalipo. Zokandira ndikuthandiza."

"Ndiyambirenso ine? Kalasi yonse idziwe kuti Rula walakwitsa?"

"Ndiye bola idziwe lero kusiyana n'kudzadziwa pa makina."

Rula sanamumvere. Anasefa mchenga, nasakaniza ndi simenti yambiri mpaka kufewa ngati mafuta odzola. Anamata mabowo onse akunja, n'kusalaza mbali zonse zinayi mpaka bimu ija kuchita kunyezimira. Mwa mabimu onse amene anamizidwa m'thanki, panalibe yokongola ngati imeneyo. Ophunzira a zaka za m'munsi ankabwera kudzaisisita ndi kuijambula pa mafoni.

Sabata yomweyo, Amalume akusintha madzi a m'thanki, anatenga kahamala kawo nagogoda bimu imodziimodzi. Mabimu enawo ankayankha molimba. Ya Rula inalira ngati chitini chopanda kanthu.

"Wamva kulira kwakeko?" anamufunsa.

"Ndi khutu lanu, Amalume. Mwakhalitsa pa phokoso la makina."

"Chabwino. Ine khutu langa lakalamba ndithu. Koma makina ajawa alibe maso, sadziwa kuti chosalala n'chiti."

Masiku oti akanatha kuumba ina anadutsa. Rula anawathera pa kukonza lipoti lake, lokhala ndi zojambula za mitundu itatu ndi chikuto cholimba.

Tsiku loyesa linafika. Aphunzitsi a phunziroli, mayi wosachulutsa mawu, anaima pambali pa makina ndi kabuku m'manja, ophunzira atazungulira kuseri kwa waya wotchinga. Bimu ya Fumbi inalonjeza matani anayi. Makina anapanikiza, muvi wa sikelo ukukwera pang'onopang'ono. Unadutsa pa anayi, ming'alu ing'onoing'ono n'kuyamba kuoneka, koma bimu inalimbikira mpaka pafupi ndi asanu. Fumbi anakhala pansi pomwepo, akumwetulira.

Kenako inabwera ya Rula, anyamata anayi ataisenza ngati mkwatibwi. Papepala analonjeza matani asanu. Muvi unadutsa pa tani imodzi bwinobwino. Usanafike pa awiri, zomata zija zinayamba kusupuka ngati makoko a dzira. Panamveka phokoso limodzi lokha, ndipo bimu inagwa pakati.

Aphunzitsi anawerama, nalowetsa cholembera chawo m'bowo limodzi la pothyokapo. Chinamira chonse. Zitsulo zija zinali pamalo ake enieni, monga mwa pulani, koma konkire inali isanazigwire.

"Wamata kunjaku ndani?" anafunsa.

"Ndine, Aphunzitsi."

"Unawaona mabowo?"

"Ndinawaona."

Aphunzitsi anatseka kabuku kawo. "Masamu ako ndawaona, alibe cholakwika. Mabowo amachitika, ngakhale kwa akatswiri, ndipo ukanandiuza tikanaumba ina. Koma iwe unawabisa. Mawa pansi pa bimu yotere padzagona ana a anthu. Tidzaonana chaka chamawa."

Anzake anatuluka mmodzimmodzi, osamuyang'ana kumaso. Amalume sananene kuti ndinakuuza. Anangomukankhira wilibala, chifukwa m'labumo aliyense ankachotsa yekha zidutswa za bimu yake. Rula anatola chidutswa choyamba. Mbali imodzi chinali chosalala ngati galasi, mbali inayo chinkafumbutuka m'manja. Anakankha wilibala ija maulendo atatu kupita kudzala, kudutsa pansi pa mazenera a kalasi imene anzake ankalembetsamo mayina a olandira digiri.

Ndi zimene ananena akale: chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.