Alongo Anayi Adakankha Mphepo

Mumzinda wa Ludhiana ku India, momwe wolemera aliyense adayamba ndi nyundo m'manja, munali bambo wina dzina lake Tarlochan Singh. Adafika m'tauni ndi malaya amodzi, nayamba kuwongola masipoko a njinga pansi pa mtengo. Pomwe ndevu zake zinkachita imvi n'kuti ali ndi fakitale ya matcheni a njinga, nyumba yosanjikiza, ndi mimba yolowa pakhomo mwini wake asanafike. Adapondapo ku Dubai, ku Germany ndi ku Canada, ndipo ulendo uliwonse mawu ake amodzi ankabwerako atanenepa: "Zimenezo ndikuzidziwa." Ife amene tidadzikweza ndi thukuta lathu, tidakwera ndege zomwe makolo athu ankangoziloza ndi chala, munthu wotere timamumvetsa. Ukadziphunzitsa wekha zinthu zambiri, khutu limayamba kuganiza kuti lidapuma pantchito.

Chaka china Tarlochan adagula galimoto ya ku Germany, yaifupi, yotambalala, yokhala ngati nyalugwe wobisalira mbuzi. Magiya inkasintha yokha. Mwini malo ogulitsira, bambo wa tayi ndi mawu osalala, adakhala naye pampando wakutsogolo kuti amuonetse mabatani, akumutchula mwaulemu kuti Sardarji.

"Galimotoyi ili ndi mitima itatu, Sardarji. Magetsi a kutsogolo kwa chiwongolerowa akakhala obiriwira, ndiye kuti yafatsa: imanyamuka pang'onopang'ono, mabampu imangowameza. Akakhala achikasu, yachangamuka. Akafiira, ndi ya pabwalo la mpikisano. Mukangokhudza moto ndi chala chaphazi imalumpha, giya imaikakamira mpaka injini ikuwe. Ndiye posintha mumapita apa, kenako..."

"Ikani pofiira."

"Ndikuonetseni kaye posinthira."

"M'bale wanga, ine ndinkamasula injini inu mukuyamwa. Mphamvu zonsezi ndazilipira, ndiye ndizisunge m'kabati? Ikani pofiira, ndipo muimange kuti m'mawa uliwonse izidzuka yofiira."

Bambo wa tayi adadinadina mabatani, koma Tarlochan sadaone n'komwe, chifukwa n'kuti akukalipira munthu wina pafoni za mtengo wa chitsulo.

Kuyambira tsikulo, anthu a mumsewu wa Tarlochan sadafunenso tambala. Galimoto ikadzuka inkabangula, agalu n'kuthawira kunsi kwa mabedi. M'misewu yothinana ya Ludhiana, momwe ngolo, njinga ndi ng'ombe zimagawana njira imodzi, iyo inkayenda modumphadumpha ngati chule. Mkazi wake, Rajwant Kaur, adakwera kangapo n'kuyamba kuyenda atagwira m'chiuno.

"Inu, galimoto yanuyi mudachita kubereka nokha? Yatengatu zonse. Imakuwa asanaifunse."

"Ndi mawu a mphamvu amenewo, mayi."

"Mphamvu zake zathera pamsana panga. Akuti ili ndi pofatsira. Bwanji osapita akakuonetseni?"

"Ndikupadziwa. Kungoti sindikufuna."

Tsono Tarlochan adalera mwana wa mlongo wake, mnyamata wofatsa dzina lake Jaskaran, yemwe makolo ake adamwalira ali wamng'ono. Jaskaran adapeza mbeta kumudzi wina kufupi ndi tauni ya Jagraon: Prabhleen, mwana wamkazi yekhayo wa Kirpal Singh. Banja la Kirpal lidalima tirigu pamunda womwewo kuyambira makolo a makolo, ndipo mkuluyo adavomera ukwati mokoka miyendo. Mphekesera idafika kwa Tarlochan kuti Kirpal adati chuma chatsopano chili ngati nsapato zatsopano, chimalira poyenda. Mawu amenewa adamukhala pakhosi ngati munga wa nsomba. Adalumbira kuti tsiku laukwati adzanyamula mkwatibwi ndi galimoto yake, iye mwini ali pachiwongolero, kuti alimiwo adzaone kusiyana kwa nsapato ndi galimoto.

Kirpal atamva, adangopempha chinthu chimodzi kwa Tarlochan, yemwe ankamutchula mwaulemu kuti Bhai sahib, ndiye kuti m'bale wolemekezeka. "Bhai sahib, zakudya, ng'oma, zovala, chitani momwe mungafunire. Koma mwana wanga wamkazi ndi mmodzi. Adzatuluke pakhomo panga mofatsa, manja a alongo ake ali pagalimoto. Amayi ake akhala akudikira tsiku limeneli chibadwire mwanayo."

"Musade nkhawa. Maukwati ndaperekeza ambiri, mpaka ku Toronto."

Tsikulo lidafika. Mapemphero adatha m'mawa, anthu adadya mpaka malamba kumasulidwa, ng'oma zidalira mpaka oimba kutupa manja. Dzuwa litapendeka idakwana nthawi yomwe chisangalalo chimasanduka misozi. Prabhleen adatuluka m'nyumba ya bambo ake atavala zofiira, akuponya mpunga kumbuyo kudutsa paphewa, amayi ake akuwakha ndi nsalu uku akusisima. Galimoto inali pabwalo la miyala ing'onoing'ono, itakutidwa ndi maluwa mpaka kuoneka ngati munda. Mkwati ndi mkwatibwi adakhala kumbuyo. Tarlochan adadzilowetsa pachiwongolero, nadina batani. Injini idabangula, njati zoweta za m'khola zidayankha.

Jaskaran adaweramira kutsogolo kwa amalume ake, omwe ankawatchula kuti Mamaji. "Mamaji, magetsi ali pofiira. Ndiloleni ndiike pofatsa, ndi pamtunda waufupi chabe."

"Khala pansi, mkwati sagwira ntchito."

"Mamaji, alamu anga akhala kumbuyoku."

Dzanja la Jaskaran lidatambasuka kulunjika pa mabatani, koma Tarlochan adalimenya kambama. "Phazi ili layendetsa malole m'mapiri. Lingalephere kuyendetsa mkwatibwi pabwalo?"

Alongo anayi a Prabhleen adafika kumbuyo kwa galimoto. Anali anyamata a mkaka wa njati ndi masewera ogwetsana a kabaddi, mapewa ngati zitseko za nkhokwe. Wamkulu, Balkar, ankalira poyera osachita manyazi. Adaika manja pagalimoto kuti aikankhe mapazi ochepa, monga amachitira alongo onse potula mlongo wawo ku moyo watsopano. Adakankha mwaulemu. Galimoto sidasunthe.

Chimene Tarlochan sankadziwa n'chakuti galimoto yake ikaima inkadzimanga mabuleki yokha, osamasula mpaka woyendetsa ataponda moto. M'tauni sadazindikirepo, chifukwa iye moto ankauponda nthawi zonse. Lero adangochotsa phazi pabuleki, nakhala mwachifumu kudikira kuti amukankhe.

"Kankhanitu, anyamata," adatero msuweni wina m'khamumo. "Kapena simukufuna kuti apite?"

"Ndi maswiti adya aja," adayankha mayi wina akupukuta misozi. "Mkwati walemera."

Alongowo adayang'anana. Kulephera kusuntha galimoto pamaso pa mudzi wonse, iwo amene ankazula thirakitala m'matope? Adavula majekete. Adatsamira ndi mapewa, mapazi akukumba pansi, mitsempha ya m'khosi itaima ngati zingwe. Misozi idauma, padatsala kubuula.

Tarlochan adaona pagalasi nkhope zinayi zitafiira, nati mumtima, alimiwa ndiwathandize pang'ono. Adakhudza moto ndi chala chaphazi.

Ine ndaona ndege zikunyamuka m'mabwalo akuluakulu a dziko lino, koma palibe idanyamuka ngati galimoto imeneyo. Matayala akumbuyo adapala miyala n'kuimwaza ngati wofesa. Paipi ya utsi idaphulika ngati mfuti, azimayi n'kugwada, nkhunda n'kubalalika padenga. Galimoto idachoka pansi pa mapewa anayi aja, ndipo alongo, ndi mphamvu zonse zomwe adasonkhanitsa, adakankha mphepo. Adagwa chafufumimba motsatizana, wina pamwamba pa mnzake. Tarlochan poona chipata chikumuthamangira adaponda buleki ndi mapazi onse awiri. Maluwa onse a padenga adatsetserekera kutsogolo n'kuphimba galasi, ndipo mkwati adapezeka atakumbatira mpando wa amalume ake m'malo mwa mkazi wake.

Kirpal Singh adaima pomwe adaima, fumbi lili mundevu, timiyala tili m'mapindo a nduwira yake. Balkar adadzuka atagwira dzanja lomwe lidabinya. Amayi a mkwatibwi adakhala pansi, nsalu ya mpunga ili pamiyendo.

Chitseko chakumbuyo chidatseguka. Prabhleen adatuluka, nakonza chophimba kumutu, nayenda wapansi kubwerera pomwe padaima bambo ake.

"Papaji, ine sindinaperekezedwe. Ndabedwa."

Ena adafuna kuseka koma adaluma milomo, chifukwa mkwatibwi wobwerera pakhomo asanatuluke n'komwe pachipata si nkhani yoseketsa. Achibale a Kirpal adayamba kung'ung'udza. Wina adati ngati amutenga chonchi pamaso pathu, kuseri akamutenga bwanji. Jaskaran adatuluka nkhope itagwa, ndipo kwa nthawi yoyamba Tarlochan adaona kuti chomwe chili pangozi si dzina lake, koma banja la mwana amene adamulera.

Adatsika, manja ataphatikiza. "Bhai sahib, ndi miyalayi. Bwalo lanuli..."

"Bwaloli latulutsa akwatibwi kuyambira nthawi ya agogo anga, ndipo palibe adauluka," adatero Kirpal, mawu ali pansipansi. Adadzisasa fumbi mosafulumira. "Koma ndamva kuti galimoto zoterezi zimafatsa mwini wake akazilamula. Ifatsitseni, tiyambirenso. Mwana wanga akwera ndikaona ndi maso anga kuti yafatsa."

Tarlochan adabwerera pampando, mudzi wonse utazungulira mawindo. Adayang'ana mabatani. Anali ambiri ngati nyemba pamphasa. Jaskaran adasuntha kuti akathandize, koma Prabhleen adamugwira mkono.

"Asiyeni Mamaji," adatero mokoma. "Ndawamva m'galimoto muja. Phazi lawo layendetsa malole m'mapiri."

Tarlochan adadina batani loyamba. Zopukutira galasi zidayamba kuvina, zikumwaza maluwa kwa anthu. Adadina lachiwiri, denga lidatseguka. Lachitatu lidatsegula buti. Lachinayi lidayatsa wailesi, ndipo mawu a munthu wolengeza mitengo ya feteleza adadzaza bwalo lonse. Kenako mpando udayamba kumukanda msana, ukumutenthetsa kunsi ngati wakhalira mbaula. Thukuta lidatsika kuchokera m'nduwira. Magetsi a kutsogolo adakhalabe ofiira ngati diso la mfiti.

Rajwant adaweramira pawindo. "Inu, nenani. Sapha munthu mawu amenewo."

Tarlochan adazimitsa injini. Adatuluka, nayang'ana nsapato zake. "Bhai sahib, sindidziwa posinthira."

Amene adakhala naye zaka zambiri amati mawu amenewo adatuluka mokhwekhwereza, ngati chitseko chomwe sichidatsegulidwepo.

Kirpal adagwedeza mutu, natuma anthu kuseri kwa khola. Adabwera akukoka jipi yakale ya kumunda, yonunkha dizilo ndi manyowa, yomwe batire yake idafa kalekale. Azimayi adatola maluwa pansi n'kuiponyera pamwamba. Jaskaran adakhala pachiwongolero, Prabhleen pambali pake.

"Iyi ndiye sinyamuka popanda alongo," adatero Kirpal. "Koma mwandithyolera mmodzi. Malo a Balkar ali opanda munthu, Bhai sahib."

Tarlochan adavula jekete lake la ku Dubai, napatsa mkazi wake. Adaika phewa pachitsulo chadzimbiri pakati pa anyamata atatu aja. Adakankha, mimba ikugunda tayala losungira, nsapato zikuterereka pamiyala. Jipi idayenda pang'onopang'ono, amayi a mkwatibwi akuyenda pambali atagwira dzanja la mwana wawo, akulira momwe adafunira kulira, mpaka pachipata. Pamenepo injini idatsokomola, nigwira, nimulavulira Tarlochan utsi wakuda kumaso. Prabhleen adatembenuka akugwetsa misozi, nakweza dzanja kutsanzika bambo ake, alongo ake, ndi amalume atsopano omwe adaima pakati pawo akupuma ngati mvukuto.

Kirpal adafika, namupatsa kansalu kopukutira kumaso. "Kukankha ndiye mumatha," adatero. "Bwerani mumwe tiyi."

Galimoto ya ku Germany idatsala pakati pa bwalo, denga lili pululu, buti ili yasa, nkhuku ikuyendera mipando yake yachikopa. Munthu adagula mitima itatu nakhala ndi umodzi wokha, chifukwa tsiku lomuonetsa njira adatsegula pakamwa n'kutseka makutu. Akuluakulu sadaname pomwe adati: Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.